Tinkamupempherera kuti asiye mwano, chonsecho vuto linali khutu

Nkhaniyi ndakhala nayo mumtima nthawi yaitali, kulemba ndimalephera chifukwa cha manyazi, poti wolakwa wamkulu ndine ndemwe mayi ake a mwana. Koma sabata yathayi pa msika wa Limbuli ndinamva mayi wina akukalipira kamwana kake kuti iwe sumamva ngati mwala, kamwanako kali duu kungomuyang'ana pakamwa, ine mtima unangoti phwii, ndinati ayi ndilembe basi mwina wina zimuthandiza.

Ine ndimakhala ku Mulanje kuno mbali ya ku Chitakale, ndimagulitsa kaunjika, bambo a kunyumba amagwira ntchito ku esiteti ya tiyi. Mwana wathu wachisamba ndi wamwamuna, anabadwa mu Malichi 2019. Mu Sepitembala 2022 ali ndi zaka zitatu ndi theka tinakamulembetsa ku sukulu ya mkaka ya pa tchalitchi pathu. Dzina la mpingo sinditchula, sindinabwere kudzanyoza munthu, ndipo mpaka lero ndimapemphera pompo.

Chimene chinandikopa chinali mwana wa neba wanga. Kamtsikana ka zaka zinayi koma kakayamba kulakatula mavesi, ena a Chichewa ena a Chingerezi, munthu umangoti kukamwa yasa. Ndiye ndinati wanganso apite komweko. Fizi nthawi imeneyo inali K12,000 pa temu, yunifomu ndinasoketsa K5,500, kuphatikizapo makolo timasonkha ufa ndi shuga wa phala komanso timasinthana kukaphika.

Ndinene chilungamo, sukuluyi ili ndi zabwino zambiri. Amaphunzirira mu kaholo ka kuseri kwa tchalitchi momwe Lamulungu mumakhala Sande sukulu, pa khoma analembapo Miyambo 22:6, vesi lija lonena zophunzitsa mwana njira yake akadali wamng'ono. M'mawa amayamba ndi pemphero, kenako vesi la sabata imeneyo, kenako nkhani ya m'Baibulo. Ngakhale masamu amalowera momwemo, kuwerenga mikate isanu ndi nsomba ziwiri, miyala isanu ya Davide, nyama za Nowa ziwiriziwiri. Phala lisanamwedwe manja asambe, maso atsinzine, apemphere. Mwana wanga temu yoyamba yomweyo anayamba kukana kudya nsima tisanapemphere, bambo ake atatema kale mbamu anawauza kuti adadi bwezani kaye, tinaseka mpaka misozi. Ndiye ine mtima unali m'malo.

Koma tsiku lolembetsa ndinafunsa zinthu ziwiri zokha: fizi ndi zingati, nanga Chingerezi mumaphunzitsa? Basi. Sindinafunse kuti ana alipo angati, ndinadzadziwa pambuyo pake kuti anali opitirira 60 pa aphunzitsi awiri. Sindinafunse ngati aphunzitsiwo anapitako ku maphunziro a kaleredwe ka ana, sindinafunse ngati a ofesi ya zachisamaliro cha anthu ku boma, amene amayang'anira sukulu za mmera mpoyamba, amaidziwa sukuluyi. Ndinangoti poti ndi za ku tchalitchi ndiye kuti zonse zili bwino. M'kalasimo sindinakhalemo ngakhale tsiku limodzi, ndimangomusiya pa khomo ine ulendo ku msika.

Kenako kunabwera namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Anthu a kuno simukufunika kuuzidwa, mvula ija yosakata masiku angapo, madzi ndi miyala kutsika m'phiri, milatho kuduka. Ife khitchini ndi chimbudzi zinagwa, nyumba inalowa madzi, tinakagona kwa amayi anga. Sukulu zinatsekedwa, ndipo holo ya ana ija munagona anthu amene nyumba zawo zinapita. Masiku amenewo mwana anadwala chimfine champhamvu, thupi kutentha, usiku awiri osagona akulira atagwira khutu la kumanzere. Tsiku lachitatu m'mawa ndinapeza pilo ili ndi mafinya, iye wasiya kulira, akusewera bwinobwino. Ine ndinati Mulungu ngwabwino, chithupsa chaphulika, wachira.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa koyamba ndipo ndikupempha mumvetsetse. Adokotala anadzandifotokozera patapita chaka kuti mafinya akadzadza mkati mwa khutu amakankha kachikopa kopyapyala kaja kamene timamvera, ndiye ululu umakhala woopsa, kakaboola mafinya amatuluka ululu n'kutha. Kutha kwa ululu si kuchira ayi, khutu limakhala laboola. Ine sindinkadziwa. Agogo ake anafunditsa mafuta ophikira n'kumudonthezera, tsiku lina anafinyira madzi a masamba ena ake. Ku chipatala sitinapite, misewu inali yoipa, kunalinso mantha a kolera, ndipo mwana akusewera umati ndikavutikirenji pa mzere. Mafinya ankasiya sabata ziwiri zitatu n'kubweranso, makamaka kukachita chiperoni iye n'kugwidwa chimfine. Ndimangopukuta ndi nsonga ya chitenje.

Sukulu itatsegulidwanso madandaulo anayamba. Tsiku lina pokamutenga madamu anandiitanira pambali. Mayi, mwana wanuyu wasintha, samva. Tikati khalani pansi iye ali chiimire, tikamuitana sayankha, tikamufunsa vesi amangotiyang'ana.

Abale, taganizirani mawu amenewa, samva. Pa Chichewa chathu mwana wamwano timati samva, mwana wogontha timatinso samva. Madamu amatanthauza mwano, ine ndinamva mwano, palibe mwa ife awiri anaganiza za khutu lenileni ngakhale ndinali ndikuchapa pilo ya mafinya sabata ndi sabata. Pena ndikakumbukira ndimadzifunsa kuti mutu wanga unali kuti.

Kunyumba zinalinso chimodzimodzi. Ukamuitana ali chakumbuyo, zii. Ukamutuma amabweretsa china, ukati katenge chikho akubwera ndi chipande. Wailesi amafuna ikwezedwe mpaka bambo ake kukalipa. Mawu ake anali aa? aa? nthawi zonse, ndipo amakonda kukuyang'anitsitsa pakamwa ukamalankhula, ine ndinkati ndi chipongwe, mwana wanji woyang'ana wamkulu m'maso chonchi. Ndinamumenyapo kangapo, sindibisa. Kamodzi ndi kamtengo ka pichesi chifukwa ndinamuitana kanayi ali pa khonde pomwepa.

Ku sukulu nako chilango chinali kumugwaditsa kumbuyo kwa kalasi, ndiye kuti mwana wosamva bwino amuika kutali kwenikweni ndi pakamwa pa mphunzitsi. Ndipo chimene chimandipweteka mpaka lero, ankamukoka khutu. Khutu lomwelo lodwalalo. Iye sankanena, ndinadzamva kwa mwana wa neba uja.

Poti ndi sukulu ya mpingo, nkhani inafika kwa amayi busa. Iwo ndi munthu wachikondi, anatiitana n'kunena kuti ana ambiri asokonezeka maganizo ndi zimene anaona nthawi ya namondwe, tiyeni timuike m'mapemphero. Anamusanjika manja, Lachinayi ku msonkhano wa amayi anamutchula, ine ndinasala kudya masiku atatu kupempha kuti Mulungu achotse mtima wouma mwa mwana wanga. Mayi wina anafika pondinong'oneza kuti mwina pali dzanja la munthu, poti bizinezi yanga imayenda, ndipite naye kwa mneneri wina ku Luchenza. Uko sindinapite, bambo ake anakaniratu, koma ndikanakhala ndekha kaya.

Musandimve molakwa, pemphero ndimalikhulupirira. Koma tinkapempherera chinthu cholakwika. Mwana anali ndi bala m'khutu ife tili kalikiliki kudzudzula mwano umene panalibe.

Mwina mukudabwa kuti chaka chonse bwanji osazindikira. Chimene chinabisa vutoli ndi kaphunzitsidwe komwe ndinkakakonda kaja. Kumeneko chilichonse amachitira pamodzi mokweza, vesi onse pamodzi, pemphero onse pamodzi, nyimbo onse pamodzi, madamu akayamba ana 60 n'kulandira ngati kwaya. Mwana wosamva bwino amangoonera anzake, iwo akaimirira naye waimirira, akaomba m'manja naye waomba, milomo akugwedeza. Mu Julaye 2023 pa mwambo wotsekera chaka tinasonkha K4,000 aliyense ya zakudya, ana anaima kutsogolo kwa tchalitchi kulakatula Salimo 23, wanga ali pakati atavala yunifomu yosita, ndinajambula pa foni ndikulira ndi chimwemwe kuti mapemphero ayankhidwa. Vidiyo imeneyo ndikaionera pano ndimaona bwinobwino kuti maso ake ali pa mnzake wa pambali ndipo milomo yake ikuchedwa. Madzulo ake nditamuuza kuti anenenso yekha anangoti Yehova ndiye m'busa wanga, kwinako kunali kung'ung'udza chabe. Ndinati ndi manyazi.

Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, belo la kaunjika linakwera moti phindu linasowa, ndipo mu Januwale 2024 fizi inafika K20,000. Bambo ake anati mayi, ndalamazi tikungotaya, mwana chaka ndi theka sadziwa ngakhale kutchula dzina la mudzi wake bwinobwino, angokhala pakhomo adikire sitandade 1. Tinakangana usiku umenewo, iwo amati ndamulekerera ine, ine ndimati atengera kwawo. Ndinalipira ndekha ndi ndalama ya ku banki m'khonde.

Zinthu zinatembenuka mu Febuluwale 2024, tsiku langa lophika phala. Nthawi zonse ndinkalipira mayi wina K1,500 kuti akandiphikire poti ndimathamangira msika, koma tsikulo iye anali ku maliro ndiye ndinapita ndekha monyinyirika. Mvula inagwa yambiri, tinalowa m'holomo kubisala, ndipo kanali koyamba kuona mwana wanga ali m'kalasi. Madamu akufotokoza za Zakeyu kukwera mu mtengo, ana onse maso kutsogolo akuseka, wanga ali kumbuyo kwenikweni wapendeketsa mutu, mbali ya kumanja ndi imene walozetsa kutsogolo, nkhope ili ngati munthu amene akumvetsera wailesi yakutha mabatire. Mvula ikulira pa malata. Patapita kanthawi anangosiya n'kuyamba kusewera ndi lamba wa nsapato.

Tinali ndi agogo ena a mu mpingo, anapuma ntchito ya uphunzitsi wa pulayimale kalekale, amabwera kudzathandiza kutsuka makapu. Anandifunsa kuti uja wapendeka mutuyo ndi wandani. Ndinati ndi wanga agogo, ndi uja wovuta uja. Sanayankhe. Nthawi ya phala anapita kumbuyo kwake mwakachetechete n'kunena chapansipansi mbali ya kumanzere kuti bwera udzalandire bisiketi. Mwana phee, akumwa phala. Mwana wina amene anakhala patali ndithu ndi amene anatembenuka kuti agogo inenso. Anabwereza mbali ya kumanja, ndipo anatembenuka koma mochedwa ngati akukayika. Kenako anawerama n'kununkhiza khutu lake, anandiyang'ana n'kuti, mwana wanga, khutu ili layamba liti kutuluka mafinya?

Ndinati chaka chatha nthawi ya Freddy.

Anati ndiye mwakhala mukumulanga chifukwa chani? Uyu si wamwano, mawuwo sakumufika.

Miyendo inandithera mphamvu, ndinakhala pansi pa simenti ponyowa pomwepo. Zonse zinabwera nthawi imodzi, kamtengo ka pichesi kaja, kusala kudya kuja, aa? aa? uja. Sindinathe ngakhale kutsuka mphika.

M'mawa mwake ndinali pa chipatala chaching'ono cha kwathu ndi kabuku kake ka ku sikelo. Adokotala anaunika ndi katochi kawo kaja n'kunena kuti khutu la kumanzere laboola ndipo muli mafinya akale, la kumanja nalonso silili bwino kwenikweni. Anandifunsa zimene tinkathiramo, nditanena za mafuta ndi masamba anangopukusa mutu. Malangizo anali awa, ndipo awa ndi amene ndikanakonda ndikanawadziwa mu 2023: kupota kansalu koyera kofewa ngati chingwe cha nyali, kulowetsa pang'ono kuti kamwe mafinya, kusintha mpaka katuluke kouma, katatu pa tsiku, kenako ndi pamene udontheze mankhwala, chifukwa ukadontheza pamwamba pa mafinya mankhwalawo safika. M'khutu musalowe madzi posamba, kumtsinje asasambire, osatokosa ndi machesi kapena nthenga ya nkhuku, osathira mafuta kapena china chilichonse chosachokera ku chipatala. Mankhwala odonthezawo tsikulo analibe, ndinakagula ku famase K7,000. Anandilemberanso kalata yoti akamuyeze kamvedwe ku Queens ku Blantyre.

Ndiye onani kupusa kwa munthu, ndinachedwanso. Patatha sabata ziwiri mafinya anauma, fungo linatha, ndinayamba kudziuza kuti basi wachira, ndalama ya thiransipoti ndiyiike mu bizinezi. Kalata inakhala m'Baibulo sabata zisanu ndi ziwiri. Agogo aja ndi amene ankandilondola Lamulungu lililonse tikaweruka, mwapita? Mwapita? Mpaka ndinayamba kutulukira khomo la kumbali kuwathawa. Tsiku lina anandipeza kunyumba n'kundipatsa K5,000 yawo kuti poyambira ndi apa, ndinachita manyazi ndipo sabata yomweyo tinanyamuka.

Tinapita mu Epulo 2024. Minibasi ya m'mamawa pa Chitakale kudzera msewu wa Midima mpaka Limbe, kenako ina yotsikira pa Queens. Ku chipatalako sitinalipire kanthu poti ndi cha boma, koma thiransipoti ndi chakudya ulendo umodzi zinatidya pafupifupi K22,000, ndipo tapitako katatu, osawerengera masiku a msika amene ndinaphonya. Amene mukupita nyamukani usiku ndithu, tengani kalata yotumizidwa ndi kabuku ka mwana, tenganinso chakudya chake chifukwa mwana wanjala sagwirizana nawo poyeza. Kuyezako sikupweteka. Anamulowetsa mu kachipinda kachete, anamuveka zomvera m'makutu, n'kumuuza kuti akamva kulira aponye kachidole mu bokosi, iye ankaona ngati masewera. Zotsatira zinali zoti la kumanzere limamva pang'ono, la kumanja limamvako bwino. Anati chibowocho nthawi zina chimatsekeka chokha khutu likamakhala louma, chikapanda kutero adzaona za opaleshoni akakulako. Anatinso ku sukulu azikhala kutsogolo, khutu labwino lili mbali ya mphunzitsi, ndipo polankhula naye tizimuyang'ana, osamukuwira ali chakumbuyo.

Chovuta china chinali kubwerera ku sukulu kukanena. Ndinapita nditakwiya, mawu nditakonza kale. Koma nditawaonetsa madamu pepala la ku chipatala anangoyamba kulira, akuti mayi ndikhululukireni, ine ndinkamukoka khutu. Ndinamuyang'ana, mtsikana wamng'ono woti anangomaliza fomu 4, mpingo unamupempha kuti athandize poti amaphunzitsa bwino Sande sukulu, kandalama kamene amalandira n'kosakwana ngakhale thumba la chimanga, ndipo palibe anamuphunzitsapo kuti mwana wosamva bwino amaoneka bwanji. Ndimukalipira chani poti ine mayi wake womubereka ndinachita zoposa pamenepo. Tinangolira tonse awiri.

Abusa anaitanitsa komiti ya sukulu ndipo anandilola kulankhula. Si onse anakondwa. Mkulu wa mpingo wina anati nkhanizi zikamveka kunja anthu achotsa ana, wina anati mwana wopanda chikwapu sakula bwino, Baibulo lomwe limanena. Mnzanga wina wa mu kwaya mpaka pano timangopatsana moni wa pamsewu, akuti ndinachititsa manyazi amayi busa ngati kuti mapemphero awo anali opanda ntchito, zimene sindinanenepo. Koma abusa anati Luka amene analemba Uthenga Wabwino anali sing'anga ndipo Paulo ankayenda naye, ndiye palibe chifukwa choti sukulu ya mpingo iziopa chipatala. Anagwirizana kuti kukoka makutu ndi kugwaditsa kuthe, ana agawidwe magulu awiri ang'ono ndi akulu, ndipo vesi la sabata mwana aliyense azinenanso payekha ngakhale mzere umodzi kuti wobisala mu gulu aoneke. Anapemphanso mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu kuti azidzawaona ana, ndipo ulendo woyamba womwewo anapeza kamtsikana kena kamene sikaona bwino patali, nakonso kankatchedwa kaulesi. Madamu mmodzi anadzapita ku maphunziro a alezi kudzera ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ija. Zina sizinasinthe, ana akadali ambiri ndipo mvula ikamagwa pa malata paja ngakhale wa makutu abwino samva kanthu.

Mwana sindinamuchotse. Anakhalanso chaka china pompo, atakhala kutsogolo pafupi ndi mapazi a madamu, ndipo pang'onopang'ono mawu anayamba kubwera. Chaka chija anataya sichinabwerere chonse, mpaka pano mawu ena amawadula ndipo anzake amamuposa powerenga. Ndikawerengera mankhwala, maulendo a ku Blantyre ndi misika yophonya ndalama inapitirira K100,000, pomwe mu Malichi 2023 zikanangofuna kabaza wopita pa chipatala cha pafupi.

Anayamba sitandade 1 mu Sepitembala 2025. Tsiku loyamba sindinamusiye pa geti, ndinalowa mpaka m'kalasi ndi pepala la ku Queens m'manja, ndinawauza aphunzitsi kuti uyu akhale kutsogolo mbali iyi, ndipo akapanda kuyankha musafulumire kunena kuti samva, muyambe mwamugwira paphewa. Anandiyang'ana ngati mayi wovuta koma anamuika pomwe ndinanena.

Chibowo chija sichinatsekeke, tikuyenera kupitanso kuti akaone. Posamba ndimamutseka khutu ndi thonje lopaka Vaseline, ndipo anzake akamapita kukasambira ku Likhubula iye amatsala, amalira koma amatsala. Usiku wina ndikumupukuta ndinamufunsa ngati amakumbukira kuti ndinkamumenya akapanda kuyankha. Anati eee, pa khonde paja. Ndinati undikhululukire mwana wanga, sindinkadziwa. Iye anatembenuza mutu kundilozetsa khutu la kumanja n'kuti amama mwati chani, nenaninso mbali ino.